Sikelo imathera pa zaka zisanu: nanga wa zaka 15 ndi agogo akuwaona ndani?

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Opulumuka adakaunjikana m'makalasi a sukulu ngati ya Naotcha. Makanda, ana a sukulu, anyamata, amayi ndi agogo adagona pansi pa denga limodzi, nkumalandira ufa, ndowa ndi mabulangete zofanana.

Koma ngozi imodzi sigwira anthu mofanana. Mwana wa zaka zitatu amene adasiya kale kukodza pogona akhoza kuyambiranso, nkumangokakamira amake. Mnyamata wa zaka 15 salira pagulu. Amangopsa mtima msanga, kujomba kusukulu, mwina kuyamba mowa. Agogo akachotsedwa pamalo omwe adazolowera amatha kusokonezeka, osadziwa kuti ali kuti. Onsewa ndi mabala a ngozi yomweyo, kungoti msinkhu uliwonse uli ndi kaonetsedwe kake.

Izi zimaphunzitsidwa m'makoleji. Ophunzira psychology ku University of Malawi ku Zomba, komanso anamwino ndi aphunzitsi omwe ali pamaphunziro, amakumana ndi phunziro la kakulidwe ka munthu kuchokera m'mimba mpaka imfa. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu sasiya kusintha: thupi, nzeru, maganizo ndi kakhalidwe ndi anzake zimasinthabe ngakhale imvi zitamera. Funso ndi lakuti nzeru zimenezi zikufika bwanji kwa mayi wa ku Chilobwe amene akulera khanda, mtsikana wongotha msinkhu ndi apongozi okalamba m'nyumba imodzi ya lendi.

Mabuku ambiri a phunziroli adalembedwa ku Ulaya ndi ku America. Dzina lomwe ophunzira salizemba pamayeso ndi la Erik Erikson, amene mu 1950 adagawa moyo wa munthu m'magawo asanu ndi atatu, lililonse ndi vuto lake loti munthu athane nalo. Khanda limaphunzira kukhulupirira omulera. Wachinyamata amafunafuna kuti iye ndi ndani. Wokalamba amayang'ana m'mbuyo nkudzifunsa ngati moyo wake udali ndi phindu. Maganizowa ndi othandiza, koma adachokera kudera komwe mwana amaleredwa ndi anthu awiri, osati ndi amayi, azakhali, agogo ndi anansi ngati kuno.

Ubwino wake, kwathu kuno kudachitikanso kafukufuku. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa pa University of Zambia adafunsa Achewa a m'boma la Katete kuti mwana wanzeru ndi wotani. Akuluakulu sadalozere kuchenjera kokha. Mwana wanzeru kwa iwo ndi amene amamva, wokhulupirika, woti ungamutume nkubwera ndi chomwe wamutuma. Aliyense amene adamvapo kholo likunena kuti "mwana uyu ngochenjera koma alibe nzeru" akudziwa kusiyana kwake. Ndipo mu 2010, Melissa Gladstone ndi anzake ogwira ntchito ndi College of Medicine ku Blantyre adatulutsa chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa MDAT. Adachipanga chifukwa zida zochokera kunja zinkafunsa zinthu zomwe mwana wa kumudzi sadazionepo. Chidachi chimaona mayendedwe a mwana, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, kalankhulidwe ndi kachezedwe, ndipo pano chikugwiritsidwa ntchito m'maiko enanso.

Pa ana aang'ono dziko lino layesetsa ndithu. Kuli sikelo, katemera, alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi ndi sukulu zamkombaphala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo adapeza kuti ana osapitirira zaka zisanu opinimbira adatsika kuchoka pa 47 mwa 100 aliwonse mu 2010 kufika pa 37 mu 2015 ndi 2016. Chiwerengerochi ndi chachikulube, ndipo kupinimbira si nkhani ya kufupika kokha ayi. Masiku 1,000 oyamba, kuyambira pomwe mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi pomwe ubongo umakula mwaliwiro. Chakudya chikaperewera nthawi imeneyi, zotsatira zake zimakaonekera m'kalasi. Komabe kusikelo chidwi chimakhala pa makilogalamu. Si kawirikawiri mayi kufunsidwa ngati mwana wayamba kuloza zinthu, kuitana "amama" kapena kutembenuka akamva dzina lake.

Mwana akangokwanitsa zaka zisanu, kabuku ka kusikelo kamalowa m'sutikesi. Kuchipatala adzaonekanso akadzadwala.

Apa ndi pomwe pali mpata waukulu, chifukwa kalembera wa 2018 adapeza kuti oposa theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imamaliza kukhwima munthu atadutsa zaka 20. Choncho mtsikana wa zaka 16 akhoza kuoneka wamkulu ndi maso, anankungwi nkumulanga ngati wamkulu, koma mutu usadafike. Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapezanso kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Mwana akulera mwana, magawo awiri a m'buku la Erikson kugwera munthu mmodzi nthawi imodzi.

Koma komwe kusadziwa kukuphetsa anthu ndi ku ukalamba. Mu Januwale 2016 anthu anayi achikulire adaphedwa m'mudzi mwa Chimbalanga ku Neno powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphezi yomwe idapha mtsikana wina. Nkhani zotere sizidathe, ndipo bungwe loona za anthu okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 aphungu adavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba. Malamulo alipo. Chomwe chikusowa m'makomo ambiri ndi kudziwa zomwe ukalamba umachita ku ubongo.

Pali matenda otchedwa dementia omwe amawononga ubongo pang'onopang'ono. Wodwala amaiwala maina a ana ake, amalankhula ndi anthu omwe adamwalira kale, amasokoneza usana ndi usiku, amatuluka m'nyumba nkulephera kubwerera. Tsono taganizani za agogo opezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, asadavale bwino, akulankhula zosamveka. Kwa namwino wophunzira, awa ndi odwala. Kwa gulu laukali, ndi mfiti yagwa paulendo. Ena mwa iwo, akapanikizidwa ndi mafunso, amangovomera chilichonse chifukwa sakumvetsa chomwe akufunsidwa. Sikuti aliyense wonamiziridwa ufiti ali ndi matendawa. Nkhani zambiri zimayambira pa minda ndi chidani cha pachibale. Koma wodwala dementia ndiye wosavuta kumuloza chala, ndipo sangathe kudziikira kumbuyo.

Phunziro la kakulidwe ka munthu limalumikiza agogo amenewa ndi khanda la kusikelo lija. Akatswiri omwe adasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet adanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa 100 ya matenda a dementia akhoza kupewedwa kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14. Zina mwa izo ndi kusapita patali ndi sukulu paubwana, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, kuledzera, kuvulala m'mutu, kusamva bwino ndi kukhala wekha paukalamba. Ndiye kuti mtsikana wosiyira sukulu mu Sitandade 6, wakabaza woyenda wopanda chipewa cholimba ndi bambo wa zaka 45 amene sadayezetsepo BP, onsewa akukhudza ubongo womwe adzakhale nawo pa zaka 70.

Kuiwala komwe mwaika makiyi nkudzakumbukira pambuyo pake si matenda. Chodetsa nkhawa ndi pamene agogo akusochera njira yomwe ayenda zaka zambiri, kulephera kuphika chomwe ankaphika tsiku lililonse, kapena kufunsa funso limodzi kakhumi. Atengereni kuchipatala chapafupi, ndipo pakafunika adzakutumizani ku Gulupu kapena chipatala chachikulu cha m'dera lanu. Mankhwala ochiziratu dementia palibe, koma adokotala amayamba aona ngati si vuto lina lochizika. Ngati kusokonezekako kwayamba mwadzidzidzi, dzulo ali bwino lero sakuzindikira anthu, musadikire kuti kuche: akhoza kukhala malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena sitiroko, ndipo pamenepo maola ndiwo amawerengedwa.