Akuti Ndagwa Poti Ndasintha Galimoto

Nditagulitsa galimoto yanga, woyamba kundipepesa anali amalume. Anaimba foni kusanache bwino, nthawi imene kwathu imabweretsa uthenga wa maliro, ndipo mawu awo anali a pamaliro omwe. "Naphiri, tamva. Zimachitika izi. Usataye mtima, Mulungu adzakubwezera." Ndinawafunsa kuti amva chiyani. "Za galimoto zija." Ndinawafotokozera kuti palibe wandilanda, si banki, si akuba, ndagulitsa ndekha ndipo ndikusaka ina yocheperapo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chabwino. Koma ukaipeza usadzafike nayo kuno masana."

Amalume si munthu wopepera. Anangonena mokweza lamulo limene ambirife timalitsata mwakachetechete, kaya tili ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg: lakuti galimoto ndi makwerero, ndipo wafika pamwamba alibe ufulu wotsika. Ukasiya galimoto yodula n'kugula yawamba, anthu safunsa kuti wasankha yotani. Amafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ine lamulo limeneli ndikulikana, ndipo ndikulikana ngati munthu amene ndalilipirira zaka 5.

Ndinaigula mu 2019 ku Johannesburg, nditangomaliza digiri yanga yachiwiri, pamene ntchito yomasulira inkandilipira m'marandi ndi m'madola. Dzina lake sinditchula. Amene anaiona akuidziwa. Inali ya ku Ulaya, yaitali, yakuda, ya mipando yachikopa, injini ya petulo ya malita 3, itayenda kale zaka 8. Mtengo wake unkafanana ndi wa kagalimoto katsopano kopanda chilichonse m'kati, moti ndinadziona wochenjera. Chimene sindinkadziwa n'chakuti magalimoto apamwamba amatsika mtengo msanga chifukwa amene amawadziwa amaopa kukalamba nawo. Umene umagwa ndi mtengo wogulira. Wa masipeya sugwa. Pampu ya galimoto ya mamiliyoni imakhalabe pampu ya galimoto ya mamiliyoni, ngakhale mwini wachitatu aigule galimotoyo motchipa bwanji. Mwini woyamba anadya mnofu, ine ndinagula mafupa pamtengo wabwino.

Koma sindinyoza mbale imene ndadyeramo. Galimoto ija inali yabwino. Pobwerera kwathu mu 2021 ndinadutsa pa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kudzalowera pa Dedza, ndipo nditatsika msana sunkandipweteka. M'kati munkangoti zii, wolankhula pa wailesi kumveka ngati wakhala pampando wapambali. Tsiku lina mvula ili mkati, mbuzi inadumphira pamsewu pafupi ndi Nathenje. Ndinaponda mabuleki n'kukhotetsa chiwongolero mwamantha, kumbuyo kunayamba kuthawa, kenako galimoto inadziwongola yokha. Mbuziyi muisunge, ndibwereranso kwa iyo.

Vuto ndi lakuti galimoto iliyonse ili ndi kwawo. Iyi anaipangira misewu yosalala, kumene garaja yoidziwa ili pafupi ndipo sipeya ukaitanitsa lero imafika mawa. Ku South Africa zimenezi zilipo ndithu. Mercedes-Benz imapanga C-Class ku East London, BMW imapanga X3 ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndipo munthu wa ku Gauteng amene malipiro ake akukwana ine sindikulimbana naye. Koma ine yangayo ndinaibweretsa pa M1 ya m'dzinja. Dzenje limodzi pakati pa Lumbadzi ndi Mponela linang'amba tayala lake lopyapyala n'kupindanso limu, ndipo tayala la saizi imeneyo ndinalisaka sabata yathunthu. M'malo mwa masipuling'i inali ndi matumba a mpweya. Limodzi litayamba kuphwa, m'mawa uliwonse ndinkaipeza itagwada mbali imodzi ngati ng'ombe yodwala. Makaniko wanga, bambo amene amazindikira vuto la injini ndi khutu chabe, anaiyang'ana atagwira m'chiuno n'kunena kuti, "Madamu, iyi siyankhula ndi ine. Imayankhula ndi kompyuta." Kumudzi kwathu ku Ntchisi nthawi ya mvula sinkafika. Ndinkaisiya pa boma n'kumaliza ulendo pa kabaza, nsapato zili m'manja.

Ine ndimalipidwa pa liwu lililonse limene ndamasulira, ndipo nditabwerera kwathu ambiri mwa mawuwo anayamba kulipidwa m'makwacha. Masipeya sadziwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Usiku umodzi wokha, thumba la mpweya lomwe lija, lili pa shelefu yomweyo ku Johannesburg, linadzuka likufuna masamba ena ambirimbiri. Buku lathunthu la malangizo a zaumoyo, miyezi iwiri yogona 1 koloko usiku ndikusaka liwu loyenera la matenda a shuga, linathera pa ngodya imodzi ya kumbuyo. Pamizere ya mafuta ya 2022 ndi 2024 ndinagonapo m'galimoto, kutsogolo kwanga Sienta, kumbuyo Vitz. Mipando yachikopa inathandiza tulo, ndivomere. Koma titapatsidwa malita 20 aliyense, wa Vitz anasowa sabata yonse, ine tsiku lachitatu ndinali pamzere ponso.

Palinso msonkho wina umene sulembedwa pa lisiti. Pa Lizulu chidebe cha mbatatesi chimakwera mtengo galasi likangotsika. Pamaliro chipepeso chako amachiyeza ndi galimoto imene waimika pansi pa mtengo. Ukati lero ndilibe, m'bale wako sayang'ana nkhope yako, amayang'ana panja. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ine mutu sunakule. Chinakula ndi chipewa. Ndiye ukakhala mkazi pamabwera zina. Ndili nayo ankati pali mwamuna amene wandigulira. Nditagulitsa akuti wandisiya. Mwamuna wosaonekayu wachita zambiri pa moyo wanga, ndikanakonda ndikanakumana naye kuti alipireko mashoko.

Ndinapatsidwapo ntchito yomasulira kapepala kotsatsa malonda komwe kanali ndi liwu lachingerezi lakuti luxury. Ndinalimbana nalo tsiku lonse. Ndikati "chapamwamba" ndikunena za ubwino wa chinthu. Ndikati "chodula" ndikunena za mtengo. Ndikati "chamanyado" ndikunena za maso a anthu. Chingerezi chimamanga zitatuzi mtolo umodzi, ndipo otsatsa malonda amadyera pomwepo, pamene Chichewa chimakukakamiza kumasula mtolowo n'kunena chimene ukutanthauza. Thorstein Veblen analemba mu 1899, m'buku lake la The Theory of the Leisure Class, za anthu amene amagula zinthu kuti ena aone kuti iwo angathe kumwaza ndalama. Anzathu olankhula Chiswahili nkhani yonseyo anaipinda m'liwu limodzi, Wabenzi, ngati kuti ndi fuko. Thomas Sankara, amene analamulira Burkina Faso kuyambira 1983 mpaka 1987, anagulitsa ma Mercedes a boma n'kukweza nduna zake mu Renault 5. Joyce Banda mu 2012 analengeza kuti agulitsa ndege ya pulezidenti ndi ma Mercedes a nduna. Atsogoleri akachita zotere timawomba m'manja n'kulemba nkhani m'manyuzipepala. Mwana wa mlongo wathu akachita zomwezo ndi ndalama zake timamuimbira foni yopepesa.

Zitadziwika kuti ndikusaka galimoto, alangizi anatuluka ngati ngumbi. Ena anati ndigule yamtundu womwewo koma yatsopanoko, nditenge ngongole. Awa sindiwayankha ine. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera pamenepo, chiwayankhe chimenecho.

Amene amandipsetsa mtima ndi a mpingo wa Fortuner ndi Land Cruiser. Amabwera ndi nkhope yofatsa. "Ife sitikonda zodzionetsera, asisi, timangofuna galimoto yolimba basi." Kudzichepetsa kwanji kokhala ndi matayala ofika m'chiuno? Musandimve molakwa. Fortuner ndi Hilux ndi magalimoto olimba, amapangidwa ku Prospecton ku Durban, masipeya ake ali ponseponse, ndipo mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena munthu woyendera zipatala za kumidzi ali ndi chifukwa chokwanira chogulira. Koma amene ulendo wake wonse ndi kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre, n'kudzera ku Gateway Loweruka, sanasiye matama. Wangowamasulira m'chinenero chimene abusa ndi apongozi amachivomereza. Ndipo Fortuner yakale yooneka bwino ankanditchulira mtengo woposa umene ndinagulira yakuda ija. Akuti imeneyo ndiye njira yotsikira popanda manyazi: uwononge ndalama zochuluka kuti anthu asaganize kuti ulibe.

Kenako pali anzanga a mabuku, amene amati galimoto ndi matayala anayi basi, gula iliyonse yotchipa. Poyamba ndinkaganiza kuti awa ndi a mbali yanga, koma ayi. Apa ndiye pabwerere mbuzi ya ku Nathenje. Chimene chinandiwongola tsiku lija si chikopa kapena chizindikiro cha pa boneti. Ndi chipangizo chotchedwa ESC, chimene chimazindikira kuti galimoto yayamba kutsetsereka n'kugwira buleki ya tayala limodzi lokha loyenera, mofulumira kuposa phazi la munthu. Ku European Union galimoto yatsopano iliyonse imayenera kukhala nacho kuyambira Novembala 2014. Kwa iwo si manyado, ndi lamulo. Kuno n'zina. Bungwe la Global NCAP pamodzi ndi AA ya ku South Africa linayamba mu 2017 kuwombetsa dala magalimoto ogulitsidwa mu Africa kuti lione mmene amatetezera anthu. Chaka chimenecho Chery QQ3 sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu. Mu 2018 Nissan NP300 Hardbody nayo inapeza ziro. Mu 2020 anawombanitsa NP300 yatsopano ya ku South Africa ndi Navara yakale ya ku Ulaya, ndipo inaphwanyika koopsa ndi yatsopanoyo. Tanthauzo lake n'lowawa: chitetezo chimene azungu amachipeza m'kagalimoto ka mphunzitsi, ife nthawi zambiri amatigulitsa mumtolo umodzi ndi chikopa ndi dzina. Ndiye munthu amene wakhalapo m'galimoto yapamwamba ali ndi chinthu chimodzi chimene sayenera kuchita nacho manyazi: wadziwa mmene galimoto yoteteza imachitira zinthu zikavuta. Chimenecho asachisiye. Asiye chizindikirocho.

Kusaka kwanga sindinayambire pa intaneti. Ndinayambira ku Biwi, m'timashopu ta masipeya, ndikufunsa funso limodzi: ndi magalimoto ati amene mashoko, mabuleki ndi pampu yake muli nazo pa shelefu lero, osati zoitanitsa? Mayina amene anabwerezedwa ndinapita nawo kwa makaniko uja kuti achotsepo amene sawakhulupirira. Pa otsalawo ndinachotsa iliyonse yopanda ESC ndi ma airbag a m'mbali, ndi iliyonse imene mimba yake ingakhule pamsewu wa kwathu. Injini ndinati isapitirire malita 2, chifukwa msonkho wolowetsera galimoto m'dziko muno umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo pamzere wa mafuta ndinaphunzirapo kanthu. Inatsala ya ku Japan, yotuwa, yoyendapo kale, imene inabwera pa sitima mpaka Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga zimabwerera zinzake zonse. Ndi ya mtundu woti ukaimika pamsika umayesa kutsegula ya munthu wina.

Sindinganame kuti palibe chimene ndataya. Pa liwiro la makilomita 100 ndimamva mphepo ndi matayala, ndipo wailesi ndimakweza. Alonda a pa geti ina amene ankanditsegulira ndisanaime tsopano amandipatsa buku loti ndilembe dzina ndi kumene ndikupita. Tsiku loyamba zinandilasa, ndipo ndinadzidabwa kuti munthu wa digiri ziwiri angapwetekedwe ndi bolopeni yomangidwa pa chingwe. N'chifukwa chake amalume sindiwaseka. Matenda amene ali nawo ndili nawonso. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadwala ulele, bilu inkabwera kwa ine.

Kumudzi ndinafika nayo mu Januwale, 12 koloko masana, matope ali mpaka m'magalasi, ndipo ndinaimika pakhomo penipeni pamene yakuda ija sinapondepo m'dzinja. Amalume anaizungulira kawiri, kumenya tayala ndi phazi, osanena kanthu. Amayi analowa, kukhala kutsogolo, kudzigwedeza pang'ono n'kunena kuti mpando wake ndi wouma. Ndinawavomereza. Kenako amalume anasuzumira kumbuyo n'kufunsa ngati mipando imapindika, chifukwa panali matumba 4 a feteleza amene anali atakhala kwa wogulitsa pa boma kuyambira Lachiwiri.