Tikhale ndi kamunda kathu ka mitengo ya maluwa

Anzanga, mu Seputembala ndi Okutobala dzuwa limaswa mtengo, udzu umauma, fumbi lili koboo. Koma ndi nthawi yomweyi pamene mitengo ina imachita maluwa, mvula isanagwe n'komwe. Jakaranda amadzaza maluwa a pepo, mlombwa umatulutsa achikasu onunkhira, pomwe a mvunguti, ofiira aja, amatseguka usiku ndipo mileme ndiyo imawayendera. Nanga pasukulu pathu pano tikuonapo chiyani? Fumbi basi.

Ku Zomba kuli munda wa mitengo, Zomba Botanical Garden, umene anauyambitsa Alexander Whyte mu 1891. Lero ukusamalidwa ndi bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lilinso ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. M'minda yotere mitengo imakhala ndi tizikwangwani ta mayina ake, kuti munthu aziphunzira akuyenda.

Ambirife ndalama ya minibasi yopitira kumeneko tilibe. Ndiye ine ndikuti tipange kamunda kathu kuseri kwa makalasiku. Kalasi iliyonse idzale mitengo isanu, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi dzina la Chichewa ndi la sayansi. Pa Biology timaloweza mbali za duwa kuchokera pa bolodi, eti? Tikamagwira duwa lenileni m'manja, pa JCE sitingaiwale.

Ndikupemphanso kuti tisadzale jakaranda yekha. Ndi wokongola, inde, koma kwawo ndi ku South America. Yathu ngati mlombwa ikutha chifukwa cha matabwa a zitseko ndi mipando. Mayina a mitengo ina akuwadziwa ndi agogo okha. Tikapanda kuwafunsa lero, mawa tidzafunsa ndani?

Ena muti mbuzi zidya, kapena pa holide adzathirira ndani. Mbuzi n'zosavuta, timanga mpanda wa nsungwi ndi minga. Za madzi, mjigo tili nawo, ndipo tonsefe timagona m'midzi yapafupi, tikhoza kumasinthana. Komanso nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, mvula ikugwa.

Zoona mlombwa umachedwa kukula, ife tidzakhala titachoka. Koma azing'ono athu akubwera pompano. A Wildlife Club, kambiranani ndi a hedi teremu ino kuti atipatse malo. Machubu ndi manyowa tidzabweretsa tokha.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2