Galimoto Ili ndi Inshuwalansi, Mlezi Alibe

Mabungwe omwe si aboma ogwira ntchito m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi chizolowezi chimodzi chomwe ine ndimadana nacho, ndipo ndichitchula mosapsatira. Akamalemba bajeti ya chaka, chitsulo amachikumbukira koma munthu amamuiwala. Galimoto yoyera ya bwana mkubwa imakhala ndi inshuwalansi yokwanira, yoti ngakhale galasi litang'aluka kampani ilipira. Koma mlangizi woyenda pa njinga yamoto m'zitunda za kwa Nthondo, mlezi wophika phala pasukulu ya mkombaphala kwa Chiwere, ndi mlonda wogona pankhokwe ya chimanga cha ana amasiye, onsewa chowateteza chawo ndi pemphero la m'mawa basi.

Aliyense wodziwa dera lino avomereza kuti ukangosiya msewu wa M1 pa Mponela kapena pa Madisi n'kulowera kumidzi, ulendo umasanduka nkhondo. Mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati therere, timilatho tamitengo timakokoloka, ndipo mphepo ikadza imasasula madenga a malata. Bungwe lotuma anthu m'misewu yotereyi tsiku ndi tsiku silinganene kuti ngozi yalidzidzimutsa. Tsoka silinunkha, n'zoona, koma njira zake timazidziwa tonse.

Malamulo a dziko lino sadasiyanitse kampani yofuna phindu ndi bungwe lachifundo. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto kapena njinga yamoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena omwe ingawavulaze. Lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000 limati wantchito akavulala kapena kumwalira ali pantchito, wolemba ntchito ndiye alipire. Tsono bungwe lopanda inshuwalansi ndalama zimenezo lizitenga kuti? Lizitapa m'thumba la ana amasiye lomwelo, apo ayi lingotseka ofesi n'kusowa ngati mame.

Vuto lina n'lakuti ambiri amagula ka inshuwalansi kotchipa kongoonetsa apolisi pa rodibuloko, n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Kameneko kamalipira munthu wagundidwa uja. Woyendetsa njingayo akathyoka mwendo sikamuwerengera, ndipo njinga ikaphwanyika kapena kubedwa sikabweza. Nanga anthu odzipereka, omwe ndiwo msana wa ntchito zonse zakumudzi? Iwowa alibe kalata ya ntchito, kotero akapsa ndi phala kapena kugwa m'chigwembe popita kukayendera odwala, mlandu wawo ulibe poyambira. Amalandira tisheti ndi chitenje cholembedwa dzina la bungwe, kenaka chipepeso cha pakamwa.

Zofunika kuteteza n'zodziwika. Choyamba ndi anthu, olembedwa ntchito ndi odzipereka omwe, pa ngozi ndi pa imfa. Chachiwiri ndi nyumba ndi katundu, ku moto, mphepo ndi akuba. Chachitatu ndi milandu yochokera kwa anthu ena, monga pomwe khoma la kalasi lagwera mwana kapena ana atsekula m'mimba ndi chakudya cha pasukulu. Chachinayi ndi ndalama, kaya zabedwa panjira kaya zasowa m'manja mwa wosunga chuma. Pomwe bungwe la Concern Worldwide linkagawa ndalama kwa mabanja ovutika ndi njala ku Dowa mu 2006 ndi 2007, ndalamazo zinkabwera pagalimoto ya banki ya Opportunity, anthu n'kumalandira ndi makadi. Bungwe laling'ono silingakwanitse zimenezo. Msungichuma wake amanyamula ndalama m'chikwama, atakwera kabaza.

Ndikudziwa zomwe akuluakulu a mabungwe amayankha. Amati otipatsa thandizo safuna kuona ndalama zikuthera m'zoyendetsera ofesi. Ine ndikuti bodza limeneli latha nthawi. Wopereka thandizo yemwe amavomera ndalama za misonkhano ya ku nyanja ndi ma alawansi a pa Mponela angakane bwanji ndalama yotetezera mlezi? Akakana, ndiye kuti thandizo lakelo likutsamira pa msana wa mayi wosauka, yemwe akusenza yekha chiopsezo cha pulojekiti yonse.

Amatinso chikaonongeka azungu adzagula china. Zimenezo zidali kale. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mtengo wa njinga yamoto ndi malata udathawira kumwamba. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo mapulojekiti ambiri adaima tsiku limodzi. Woyembekeza kuti mlendo adzamufolerera nyumba kachiwiri agona pamvula. Ndipotu ngakhale omwe adagula inshuwalansi kale ayenera kuunikanso mitengo yomwe adalembetsa, chifukwa kampani imalipira potengera mtengo wolembedwawo osati wa lero pamsika.

Dandaulo lomveka n'lakuti makampani a inshuwalansi amafulumira kulandira koma polipira amakoka miyendo. Ili sindilitsutsa. Boma lathu lomwe lidalawako. Lidagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity ya nyengo ya 2015/16, chilala chidabweradi, koma poyamba adati palibe cholipira, chifukwa masamu awo adatengera mtundu wa chimanga womwe alimi ambiri sankadzala. Ataunikanso adalipira madola 8.1 miliyoni mu 2017, njala itapweteka kale anthu. Phunziro lake n'lakuti pepala la mgwirizano liwerengedwe mzere ndi mzere, ndipo zolembedwamo zifanane ndi zomwe zili kumudzi. Kampani ikazemba, a Reserve Bank alipo oyang'anira makampaniwa. Sitisiya kulima chifukwa choti chaka china anyani adatidyera.

Ena amati kulipirira ngozi isanachitike n'kuitana tsoka. Koma kodi ufa ndi nkhuni zomwe timasonkha pamaliro a mnzathu n'chiyani? Nanga kathumba ka zadzidzidzi ka ku banki m'khonde? Timasonkha tili bwino podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inshuwalansi ndi msonkhemsonkhe womwewo, kungoti uwu ndi wolembedwa.

Mtengo ukakula, mabungwe ang'onoang'ono agule pamodzi. Mu 2005 bungwe la NASFAM lidasonkhanitsa alimi a mtedza 892 kuti alowe inshuwalansi ya mvula, chinthu chomwe mlimi mmodzi payekha sakadachipeza. Ngati alimi adatha, CONGOMA ingalephere bwanji kukambirana mtengo umodzi wa mamembala ake? NGORA, yomwe imalandira malipoti a mabungwe chaka ndi chaka, iwonjezere funso limodzi: anthu anu mwawateteza motani? Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi asavomereze pulojekiti yosayankha funso limeneli.

Nanu mafumu athu, a kwa Msakambewa, kwa Kalumo, kwa Chakhaza ndi kwa Kasakula, alendo akadzabwera ndi galimoto yoyera kudzapempha anthu odzipereka, musafulumire kuomba m'manja. Muyambe mwafunsa kuti mwana wa m'mudzi muno akavulala pantchito yawoyo, alipira ndani. Akayamba kuyang'anana, dziwani kuti alipira ndi inu.