Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Chigawo cha Kum'mawa: ku Magodi ena akutchedwa aulesi pamene akudwala

Wolemekezeka Bwana,

M'dera la Mfumu Yaikulu Magodi, kumpoto kwa Lundazi, muli akuluakulu amene mudzi udawaweruza kalekale. Bambo apalira thonje mizere ingapo, khasu n'kuligoneka pompo kuti akakonze khola, kholalo osalimalizanso. Tsiku lolandira feteleza wa FISP amatulukira chitupa cha NRC atachisiya kunyumba. Pamsonkhano wa kopaletivu sakhazikika, amangodula anzake pakamwa. Anthu amati ngwaulesi, ngwosamva, mwinanso adalodzedwa.

Ena mwa anthu otere ali ndi ADHD, vuto la muubongo lomwe limalepheretsa munthu kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kukhala bata ndi kudziletsa. Ambiri amakula nalo: padziko lonse, akuluakulu awiri kapena atatu mwa 100 aliwonse ali nalo, ndipo kawirikawiri limayenda m'magazi. Trevor Noah, katswiri wanthabwala wa ku South Africa, adanena poyera kuti ali nalo.

Kuiwalaiwala kokha sikokwanira. Kwa munthu wazaka 17 kupita m'tsogolo, madokotala amafuna zizindikiro zosachepera zisanu zomwe zatha miyezi 6, zina zitayamba asanafike zaka 12, zooneka kunyumba ndi kuntchito komwe, ndiponso zomusokonezeradi moyo. Amayamba atsimikiza kaye kuti gwero si mowa, nkhawa kapena matenda ena.

Lamulo la matenda a maganizo la 2019 limati chithandizo chifikire aliyense. Koma chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama chili ku Lusaka, ndipo kuchoka ku Lundazi kufika ku chipatala chachikulu cha ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180. Mlimi sangagulitse matumba a chimanga kuti akafunse za vuto lomwe dzina lake sadalimvepo.

N'chifukwa chake kalatayi ikupempha ofesi yanu zinthu zitatu. Mafunso 6 a fomu ya ASRS yopimira ADHD kwa akuluakulu, yomwe bungwe la WHO lidathandiza kukonza, amasuliridwe m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja. Manesi ndi makiliniko ofisa a m'zipatala zing'onozing'ono aphunzitsidwe kuwafunsa, ndi kudziwa kotumiza wofunika uphungu kapena mankhwala monga methylphenidate. Ndipo anthu akadzasonkhana ku Emusa pamwambo wa Zengani, azaumoyo adzakhale ndi tebulo lawo, mafomuwo ali m'manja.

Mwaulemu,
Mlembi wa ku Magodi