Ofufuza Akabweranso, Tisamangovomereza

Kafukufuku wina wa zaumoyo ndi wowerengera: adwala angati, achira angati. Wina ndi womvetsera. Ofufuza amakhala pansi ndi mayi, bambo kapena kagulu ka anthu, n'kujambula mawu awo akamafotokoza chimene chinawachedwetsa kupita kuchipatala, kapena chifukwa chimene anasiyira mankhwala panjira. Ambiri a ife tinafunsidwapo motere. Koma kodi mawu athu aja amathera kuti?

Amalembedwa papepala, kenako nthawi zambiri amamasuliridwa m'Chingerezi, ndipo apa ndi pamene tanthauzo limapotoka. Taganizirani mawu akuti malungo. Mayi akati mwana ali ndi malungo, kawirikawiri amatanthauza kuti thupi latentha ndipo mwana wafooka, osati kuti amuyeza magazi. Womasulira akalemba malaria, lipoti lidzaonetsa ngati mayiyo ankadziwa matenda a mwana wake koma ananyozera. Munthu akati akudwala maganizo, angakhale akunena za ngongole, za maliro, kapena za matenda enieni ofunika thandizo la achipatala. Nanga tsempho, alilemba bwanji m'chilankhulo chimene mulibe mawu otere? Malipoti ameneŵa ndi amene amathandiza kukonza mauthenga a pawailesi ndi maphunziro a kusikelo. Akatimva molakwika, adzatiphunzitsa zimene tikudziwa kale, vuto lenileni, monga kutalika kwa mtunda kapena kusowa kwa ndalama yoyendera, n'kutsala pomwepo.

N'chifukwa chake ofufuza osamala amabwereranso kwa amene anawafunsa, n'kuwawerengera zimene apeza: tamva zakutizakuti, kodi ndi zimene munkatanthauza? M'Chingerezi amati member checking. Akatswiri a ku America, Yvonna Lincoln ndi Egon Guba, anaitsindika kwambiri njirayi m'buku lawo la mu 1985 lotchedwa Naturalistic Inquiry. Mu 2016, Linda Birt ndi anzake ku United Kingdom anafotokoza mmene anatumizira odwala khansa ya pakhungu chidule cha zimene anapeza kwa onse, n'kuwasiyira malo oti alembepo ngati akugwirizana nazo kapena ayi. Kuno kwathu, kumene ena satha kuwerenga bwino, kuwerengerana mokweza m'chilankhulo chathu ndi kumene kungathandize.

Koma pali msampha, ndipo msamphawo ndi ulemu wathu womwe. Mlendo wophunzira, wabwera pagalimoto, watipatsa chakumwa, ndiye timutsutse? Timangoti, “Eya, zili bwino.” Pagulu zimanyanya: amfumu kapena apongozi akavomereza, mtsikana amene anamva kuti mawu ake apotozedwa amangoyang'ana pansi. Wofufuza amabwerera ali wokondwa kuti anthu atsimikiza, chonsecho palibe chimene chatsimikizika. Kuvomereza kotere n'koipa kuposa kusafunsidwa n'komwe, chifukwa cholakwika chija tsopano chadindidwa ndi ife eni.

Choncho akabwera, tiwapemphe awerenge pang'onopang'ono, ndipo pamene sitinamve abwereze. Kunena kuti “pamenepo si mmene ndinanenera” si mwano, n'zimene wabwerera. Ngati chinachake chofunika chasiyidwa, tichitchule. Ngati tikuona kuti nkhani ina, ngakhale dzina labisidwa, aliyense m'mudzi adziwa kuti ndi ya uje, tinene msanga, makamaka ikakhala ya HIV, ya nkhanza za m'banja kapena ya kusabereka. Amene sangamasuke pagulu ali ndi ufulu wopempha kuonana ndi wofufuza payekha.

Tisayembekezere kuti chilichonse chimene tatsutsa chidzafufutidwa. Wofufuza anamva anthu ambiri, ife tikudziwa za pakhomo pathu pokha. Nthawi zinanso zimene tinanena tsiku lija zinali zoona, kungoti lero tikuchita nazo manyazi. Chimene tingayembekezere n'choti kutsutsa kwathu akumve ndi kukulemba.

Si ofufuza onse amene amabwerera, ndiye ndi bwino kufunsa tisanasayine kapena kudinda chala pa fomu yovomereza: kodi mudzabweranso kudzatiuza zimene mwapeza? M'Malawi kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Fomu ija imasonyeza kumene tingakadandaule, choncho tipemphe kope lathu n'kulisunga pamodzi ndi buku lathu la kuchipatala.