Ku Harare "ndatenga" si mawu a wakuba

Msuweni wanga adabadwira ku Harare ndipo Chichewa chake nchosakaniza ndi Chishona. Tsiku lina pamsika wina mu Blantyre mnyamata wogulitsa kaunjika adamuona atanyamula malaya namufunsa kumene wawapeza. Iye adayankha kuti "ndatenga." Posakhalitsa anthu adamuzinga, wina atatola kale mwala. Mwayi wake mayi amene adalandira ndalamazo adatulukira. M'Chishona, abale anga, kutenga ndi kugula.

Mawu otere alipo ambiri, olembedwa chimodzimodzi koma tanthauzo lina. Kugona m'Chishona ndi kutha kuchita chinthu. Kuuza m'Chiswahili ndi kugulitsa, ndipo chuma kumeneko ndi chitsulo. Mswahili akati dada akunena mlongo wake, pamene Mtumbuka akunena bambo ake. Zilankhulo zimenezi nzapachibale, zidachokera ku tsinde limodzi, koma anthu atabalalika mawu ena adasintha ntchito ngakhale maonekedwe adatsala omwewo.

Nanga bwanji ife timathamangira kuseka ndi kuweruza? Ine ndikuona kuti ndi matenda akale. Mu 1968 Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Tidazolowera kuganiza kuti tanthauzo lathu ndilo lokhalo loona, ndipo wolankhula mosiyana nafe ndi mlendo wofunika kumukayikira. Amene mudabwerera kuchokera ku Dar es Salaam, Lusaka ndi Harare chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa mukudziwa bwino mmene ana anu ankasekedwera kusukulu. Kodi adalakwanji ana amenewo? Sadasankhe okha kubadwira kunja.

Taonaninso liwu lakuti boma. M'Chiswahili boma ndi mpanda kapena khola la ng'ombe. Atsamunda ankamanga malo awo olamulira m'kati mwa mipanda, ndipo ife tidatenga dzina la mpandawo nkulipatsa olamulirawo. Choncho ngakhale liwu limene timalitchula tsiku ndi tsiku pa nkhani za dziko ndi lobwera, ndipo lidasintha tanthauzo pakamwa pathu pomwe. Tsono tikumunyozeranji mnzathu amene liwu lake lidasinthira kwina?

Pempho langa nlaling'ono. Munthu akanena liwu lokudabwitsani, mufunseni kaye kuti akutanthauzanji musanakuwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Msuweni wanga uja adapulumuka, koma mpaka lero pamsika paja sapondapo.