Moto wa lupsa umazimira m'dambo

Mwezi wa Okutobala ukafika, mapiri ozungulira Chipata amawala usiku ndi moto wa lupsa. Motowo umatsika ukunyambita udzu ndi mapesi, koma ukafika m'dambo, momwe nthaka ikadali yonyowa, umafooka n'kuzima wokha. Makolo anaona zimenezi nati: akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ankatanthauza kuti ukali, chibwana ndi zilakolako za unyamata zimazizira zikafika pa munthu amene waona zambiri. Komabe dambo limazimitsa moto umene wafikapo. Funso la lero m'chigawo cha Kummawa ndi lakuti, kodi achinyamata akufikabe kwa akulu, nanga akuluwo akupezeka?

Kale zimenezi zinali ndi malo ake. Mtsikana akatha msinkhu ankalowa m'chinamwali, anamkungwi n'kumulanga za ukhondo, ulemu ndi kasungidwe ka banja. Anyamata ankagona m'mphala, ndipo madzulo ankaotha moto ndi madoda amene ankasema mipini, kuluka nkhokwe ndi kufotokoza milandu ya m'mudzi. Pakati pa Achewa, mnyamata wolowa gule wamkulu ankakhala ndi phungu womuyang'anira. Pakati pa Angoni a Mpezeni, mnyamata ankaphunzira kulimba mtima ku ubusa wa ng'ombe ndi pabwalo la ngoma. Kwa Achewa kunalinso atsibweni, amene mawu awo pa mwana wa mlongo wawo ankalemera kuposa a bambo womubereka.

Miyambo yaikulu ikadalipo. Anthu amakhamukira ku Mtenguleni mu Febuluwale kukaona Nc'wala, ndiponso ku Mkaika, ku Katete, mu Ogasiti kukalambira Kalonga Gawa Undi pa Kulamba. Bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu mu 2005. Koma mwambo wa tsiku limodzi pachaka sulera mwana. Mnyamata amene wachoka kumudzi n'kukachita lendi kachipinda ku Kapata kapena ku Mchini, n'kumapalasa njinga yonyamula anthu kuyambira m'bandakucha, alibe mphala yobwererako madzulo. Aphungu ake ndi anzake a msinkhu umodzi, foni ya m'manja ndi malo obetchera mpira.

Boma lachita mbali yake. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pakati ali pasukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka. Mu 2022 maphunziro anakhala aulere mpaka kusekondale, ndipo ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa kunyumba ya malamulo, zina mwa izo zolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Mu Disembala 2023 lamulo linaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa chimakolo. Mafumu ngati a Madzimawe akhala akudzudzula poyera mchitidwe wokwatiwitsa ana. Zonsezi n'zoyamikika, makamaka m'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati.

Komatu lamulo silikhala pamphasa ndi mtsikana amene akuopa kubwerera kusukulu chifukwa anzake amuseka. Amene amam'limbitsa mtima ndi azakhali ake, mlangizi wa kumpingo kapena mphunzitsi wamkazi amene amam'funsa tsiku ndi tsiku kuti khanda lagona bwanji. Ndondomeko ya DREAMS, imene inafika m'Chipata pofuna kuteteza atsikana ku kachilombo ka HIV, inatsamira pa nzeru yomweyi: mtsikana aliyense akhale ndi mkulu wake womumvera ndi kumuwongolera. Makolo anali atanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Amene atsalira kwambiri ndi anyamata. M'midzi ina ya chigawo chino mnyamata amatha zaka akuweta ng'ombe za eni kuti pamapeto alandire yakeyake, sukulu ili chitsalire. M'tauni, mnyamata akalakwa amamva mawu a mkulu kwa nthawi yoyamba ali kale kupolisi. Pamenepo mtengo wauma kale uli wokhota.

Chikhalirecho m'Chipata muli akulu aluso ochuluka. Pafupi ndi Saturday Market pali okonza njinga, owotcherera zitsulo, akalipentala ndi matelala amene alera mabanja ndi manja awo. M'makomboni muli aphunzitsi ndi anamwino opuma ntchito. Mkalipentala akatenga mnyamata mmodzi, samangom'phunzitsa kupala thabwa. Amam'phunzitsa kufika nthawi yabwino, kusabera kasitomala pa muyeso, kupatula ndalama ya misomali asanagule chakudya, ndi kupepesa chitseko chikakana kutsekeka. Maphunziro a ku Chipata Trades amapereka satifiketi, ndipo ndi ofunika, koma khalidwe la pantchito limalowa mwa munthu akamaona mkulu akulichita.

Akulu nawonso ali ndi chowasintha. Wachinyamata wa lero samvera munthu amene amangokalipa, kapena amene amaletsa mowa botolo lili m'manja. Mlangizi amene amaphunzitsa mtsikana wa zaka 13 za m'chipinda cha banja m'malo mwa za sukulu akuwonjezera nkhuni pamoto umene amayenera kuzimitsa.

Mipingo, mafumu ndi makomiti a makolo m'sukulu angathe kuyamba mwezi uno osadikira wopereka thandizo wakunja: alembe mayina a akulu odalirika m'dera lawo, aliyense apatsidwe achinyamata awiri kapena atatu, makolo akudziwa, ndipo azikumana nawo pamalo oonekera Loweruka lililonse madzulo.